Ndinawakweza malipiro, koma buledi akupsererabe

Funso: Ndili ndi bekale ku Lunzu, ya antchito 23 ogwira mashifiti awiri. Mu Januwale ndinawakweza malipiro onse, koma pofika Epulo zinthu zinali zitabwerera mwakale: kuchedwa, kujomba Lolemba, buledi wopserera, ufa kusowa m'sitolo. Anyamata atatu amene ndinkawadalira pa uvuni anachoka motsatizana. Woyang'anira shifiti ya usiku ndi mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, ndipo akuti anthuwa ndi aulesi basi. Buledi akapserera ndimadula ndalama shifiti yonse, koma sizikusintha. Ndikuganiza zoika makamera, apo ayi ndiwachotse onse ndilembe atsopano. Kodi chimene chimachititsa wantchito kugwira ntchito ndi mtima wonse n'chiyani? Ndine mayi wa ku Lunzu.

Yankho: Mayi, ndalama ya makamerayo yambani mwaisunga. Tiyeni tiyambe tapita kumunda.

Sankhani mmodzi mwa anyamata amene alamu anu akuti ndi aulesi, mumutsatire pa tsiku lake lopuma chakumapeto kwa Okutobala, anthu akusosa ndi kuunga mizere. Musadabwe mukamupeza pa ganyu m'munda mwa munthu kunja kusanayere bwino, malaya atawakoleka pachitsamba, fumbi lili koboo, popanda womuimirira kumbuyo. Dzuwa lisanafike paliwombo wamaliza, wawerengetsa mizere kwa mwini munda, ndalama ili m'thumba. Madzulo ake munthu yemweyu afika kubekale kwanu akukoka miyendo ngati akupita kumlandu. Thupi ndi lomwelo, mafupa ndi omwewo. Chasintha ndi malo.

Kuganyu kuja ndime anapimirana poyera: kuyambira pa mango apo kukalekeza pachulu. Mtengo anamvana khasu lisanagwe pansi. Khasulo ndi lakuthwa chifukwa ananola yekha. Akalimbikira aweruka msanga, ndipo wa ndime yoyandikana naye akalima mwamphwayi, wodulidwa ndalama ndi wamphwayiyo, osati iye. Ndagwira ntchito yoona za antchito m'makampani kwa zaka zambiri, mabuku ake okhuthala ndinawerenga, koma zochuluka zimene mabukuwo amanena ndi zomwezi, kungoti m'mawu ataliatali. Ndiye funso lanu ndilitembenuze chonchi: pa zinthu zimene mnyamata uja amazipeza kuganyu, ndi ziti zimene sazipeza kubekale kwanu?

Za malipiro munachita bwino, musanong'oneze bondo. Kungoti munayembekezera kuti ndalama igwire ntchito imene si yake. Mu 1959 katswiri wa ku America, Frederick Herzberg, ndi anzake anatulutsa zimene anapeza atafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 a ku Pittsburgh. Anawafunsa kuti afotokoze nthawi imene ntchito inawakomera kwambiri, ndi nthawi imene inawaipira kwambiri. Mayankho anagwa milu iwiri. Zowaipira zinali malamulo a kampani, khalidwe la owayang'anira, malo ogwirira ntchito ndi malipiro. Zowakomera zinali zina ndithu: kumaliza chinthu chovuta, kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo, kukwera. Herzberg anati mukakonza mulu woyambawo mwangochotsa madandaulo, simunakoleze moto mumtima mwa munthu. N'chifukwa chake ndalama yowonjezera imakoma mwezi woyamba ndi wachiwiri, pofika wachitatu yalowa kale mu lendi ndi fizi, yasanduka ya masiku onse.

Koma Herzberg ndimamumvera ndi khutu limodzi. Anthu amene anawafunsawo sankagona akuwerengera ngati thumba la chimanga lifike tsiku la 20 la mwezi. Kwathu kuno, chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri amene timati anakwezedwa anangobwezeredwa pang'ono pa zimene mitengo inawalanda. Inu mumakumbukira ndalama imene munawonjezera. Iwo amawerenga mabotolo a mafuta ophikira ndi maulendo a minibasi amene ndalamayo ikugula. Ndipo munthu amene mutu wake uli pa ngongole, manja ake amalakwitsa.

Pa kampani ina imene ndinkagwirako, tsiku la malipiro ndinkaona kudzera pawindo la ofesi bambo wina wachipewa atakhala panjinga yamoto pansi pa mtengo, kunja kwa geti. M'thumba la jekete ankasungamo makadi a ATM a antchito athu, atawamanga ndi mphira ngati a njuga. Anali wa katapila. Sabata yomaliza ya mwezi uliwonse katundu wolakwika ankachuluka, ife m'maofesi n'kumangoti anthu atopa. Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndilumikize bambo wachipewa uja ndi mulu wa katundu wobwezedwa.

Ku India, m'chigawo cha Odisha, zimenezi anachita kuziyesa. Supreet Kaur ndi anzake analemba amuna oposa 400 ntchito yosoka mbale za masamba, m'nyengo imene kumidzi ndalama imasowa. Ena anawapatsiratu gawo la ndalama zimene anali atagwirira kale, masiku ochepa tsiku la malipiro lisanakwane, ena anadikira mpaka kumapeto. Ndalama yake inali yomweyo, chosiyana ndi tsiku lolandirira lokha. Olandiriratu aja anakabweza ngongole ndi kugula zofunika pakhomo, ndipo pambuyo pake ankasoka mbale zochuluka ndi pafupifupi 7 peresenti, zolakwitsa zinachepanso. Choncho ngati thumba lanu silikulola kuwonjezeranso, yang'anani tsiku. Malipiro a pa 28 azibwera pa 28, osati zoti tidikire kaye masitolo atilipire. Adivansi ya pakati pa mwezi ikhale ndi lamulo lodziwika kwa aliyense, yosachita kugwadira munthu. Kujomba kwa Lolemba kuja mukakufufuza mupeza kuti kwina ndi matsire, inde, koma kwina ndi munthu amene ya thiransipoti yamuthera pa 22, wapita kukagwira ganyu kuti apeze yoyendera sabata yonse.

Tsopano tifike pa nkhani imene mwaitchula mongodutsa, pamene kwa ine ndiye phata la kalata yanu: alamu anu. Mwina ndi munthu wabwino, wamanja oyera pa ndalama, ndipo chifukwa chimene munawaikira pamenepo ndikuchimvetsa. Usiku inu muli mtulo, makiyi a sitolo simungapatse mlendo. Si inu nokha. Nicholas Bloom wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake atafufuza mafakitale a nsalu ozungulira mzinda wa Mumbai, anapeza kuti kukula kwa kampani kunkayendera kuchuluka kwa abale aamuna amene mwiniwake anali nawo, poti eni ake sankakhulupirira wina aliyense kuwayang'anirira fakitale. Vuto lake n'lakuti kukhulupirika ndi kudziwa kuyang'anira anthu ndi zinthu ziwiri. Munthu atha kukhala wosaba ngakhale tambala, koma n'kukuthamangitsirani antchito onse abwino.

Kwa wantchito wa usiku, bekale si inu ayi. Bekale ndi munthu amene amamuuza poima, amene amagawa ovataimu, amene amavomera kapena kukana akapempha kupita kumaliro a azakhali ake. Ndiye ngati munthuyo ali mlamu wa mwini bekale, wantchito akadandaule kwa yani? Aliyense amadziwa kuti chibale ndi fupa, sichiola. Akati akuuzeni kuti abwana a usiku amatukwana anthu pamaso pa anzawo, kapena amagona m'galimoto kuyambira 1 koloko mpaka 4, kapena kuti ovataimu imangogwera anyamata awiri akumudzi kwawo, amadziwa kuti nkhaniyo ikakambidwa pa mbale ya nsima Lamlungu ndipo wotsala poyera ndi iye. Ndiye amangoti zii. Dandaulo lakelo inu mumaliwerenga pa buledi.

Sindikuti alamu anu amachita zimenezi. Ndikuti njira yoti mudziwire ngati amachita munaitseka nokha osadziwa. Koma pali poyambira. Atatu anachoka aja anali a shifiti iti? Ngati onse anali a usiku, theka la yankho mwalipeza. Kenako kwa mwezi umodzi lembani padera za shifiti iliyonse: ochedwa, ojomba, malofu opserera. Uvuni ndi umodzi, ufa ndi umodzi, malipiro ndi amodzi. Manambala akasiyana kwambiri, nkhani yoti anthu a masiku ano ndi aulesi yatha pomwepo, chifukwa a masana nawonso ndi a masiku ano.

Mu 1963 katswiri wina, J. Stacy Adams, anafotokoza chinthu chimene kapitawo aliyense wanzeru amachidziwa kale. Munthu sayeza malipiro ake paokha. Amaika thukuta lake mbali imodzi ya sikelo, zimene walandira mbali inayo, kenako amasuzumira sikelo ya mnzake. Akaona kuti yake yapendekera, amaiwongola yekha. Amachepetsa thukuta, kapena amadziwonjezera malipiro ndi zimene zili pafupi ndi dzanja, kapena amanyamuka. Werenganinso kalata yanu, mayi. Kuchedwa ndi kujomba, ufa kusowa, anyamata kuchoka: zonse zitatu zilimo, motsatana momwemo.

Mwati munakweza onse. Ngati munawonjezera mofanana, ndiye kuti mnyamata amene wakhala akupsa ndi uvuni zaka zisanu, wodziwa ndi fungo lokha kuti buledi watsala mphindi ziwiri, analandira chimodzimodzi ndi wolongedza amene anabwera dzana. Kwa inu kunali kusakondera. Kwa iye unali uthenga wakuti luso lake mulibe nalo ntchito. Antchito sakana kusiyana malipiro, chimene amakana ndi kusiyana kosaoneka chifukwa chake, ndiponso kufanana kumene sikuona kusiyana kwa ntchito. Ku Odisha komwe kuja kafukufuku wina anaika antchito m'timagulu ta atatuatatu, topanga zingwe, matsache ndi tina. Pamene malipiro anasiyana popanda chifukwa chooneka, olandira zochepa anafooka ndipo kujomba kunakula. Pamene aliyense ankaona ndi maso kuti uyu akupanga zambiri kuposa ine, kusiyanako sikunawononge kanthu.

Chinthu chimodzi musiye mawa lomwe: kudula shifiti yonse buledi akapserera. Lamulo la ntchito la 2000, Employment Act, limaletsa bwana kulipiritsa wantchito chindapusa monga chilango. Chimene limalola ndi kusalipira masiku amene munthu wajomba popanda chilolezo, kapena kudula ndalama ya katundu amene munthuyo wawononga. Wolongedza amene sanayandikeko n'komwe pa uvuni wawononga chiyani? Koma tisiye za lamulo, tione zimene chilangochi chikuphunzitsa. Wakhama waphunzira kuti khama lake silimuteteza. Wamphwayi waphunzira kuti mlandu wake agawana anthu khumi ndi awiri. Ndipo onse pamodzi aphunzira kubisa. Lofu wakuda pansi amaikidwa pakati pa kireti kuti akaonekere kwa kasitomala ku Chirimba, thireyi yopsereratu imaponyedwa kuseri kwa mpanda kusanache. Inu mumangoona ufa wolowa ndi buledi wotuluka sizikugwirizana, n'kumati akuba. Ufa wina wosowawo unaphikidwa ndithu, kungoti unadyedwa ndi agalu.

Amy Edmondson wa ku Harvard anakumana ndi zodabwitsa pamene ankafufuza zolakwika popereka mankhwala m'zipatala ziwiri za ku America, zimene anazifalitsa mu 1996. Ankayembekezera kuti mawodi oyendetsedwa bwino apezeka ndi zolakwika zochepa. M'mabuku munapezeka zosiyana: mawodi a atsogoleri abwino ndi amene anali ndi zolakwika zambiri zolembedwa. Sikuti ankalakwitsa kuposa anzawo. Anamwino ake sankaopa kunena akalakwitsa, pamene a mawodi a atsogoleri aukali ankakwirira. Mukasiya kudula, musadabwe mwezi woyamba malofu opserera olembedwa atachuluka. Amenewo ndi amene ankapita kuseri kwa mpanda aja, ayamba kubwera poyera, ndipo chinthu chikabwera poyera mutha kufunsa kuti chachitika bwanji.

Dziwaninso kuti gulu lililonse la antchito limakhala ndi ndime yakeyake, yosalembedwa, imene bwana saidziwa. Pa fakitale ya Hawthorne ya kampani ya Western Electric, pafupi ndi Chicago, ofufuza anakhala akuonerera amuna 14 olumikiza mawaya a zipangizo za telefoni mu 1931 ndi 1932. Amunawo anali ndi mlingo wawo wa ntchito ya tsiku, ndipo wothamanga kupitirira mlingowo anzake ankamunyoza ndi kumumenya chibakera paphewa. Ankaopa kuti akaonetsa mphamvu zawo zonse, kampani ikweza mlingo kapena ichotsa ena. Mukalemba antchito atsopano awiri n'kuwaponya m'gulu limene silikukukhulupirirani, pakatha masabata atatu ayamba kuyenda mayendedwe a gululo.

Za khasu tsopano. Pa fakitale ina yolongedza mchere ndi mpunga m'mapaketi anandiitana kuti ndikathandize kuchotsa mayi wina amene mapaketi ake ankangomatuka m'njira. Makalata ochenjeza anali atalandira awiri. Ndinapempha kuti ndiime pambali pake shifiti imodzi tisanalembe lachitatu. Makina ake omatira anali ndi waya wotenthetsa wopsa mbali imodzi. Mayiyo ankamata paketi, n'kuitembenuza, n'kumatanso, chala chamkombaphala atachikulunga kansanza chifukwa cha matuza, kwinaku akuthamangira kuti afanane ndi anzake omata kamodzi. Kwa foromani anali atanena katatu, yankho n'kumakhala lakuti gwiritsani ntchito zomwe zilipo. Wayayo mtengo wake sunkafika malipiro ake a masiku awiri. Manyazi anandigwira, chifukwa makalata awiri oyamba aja anadutsa m'manja mwa anthu a ntchito yangayi. W. Edwards Deming, amene anaphunzitsa mafakitale a ku Japan za ubwino wa katundu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ankati pa mavuto 100 a pantchito, 94 amachokera ku kayendetsedwe ka zinthu kamene kali m'manja mwa mabwana. Nambalayo inali yongoyerekeza kuchokera pa zimene anaona, koma amene anaimako pafupi ndi makina sangaitsutse kwambiri.

Ndiye pitani kubekale kwanu 2 koloko ya usiku, musanene kuti mukubwera, ndipo musapite kukagwira munthu. Pitani mukaone uvuni. Kodi kachipangizo koonetsa kutentha kakunena zoona, kapena anyamata amangoyesa ndi dzanja? Kodi umatentha mofanana kutsogolo ndi kumbuyo? Sikelo yoyezera yisiti ndi mchere inayesedwa liti? Magetsi akathima buledi ali mkati, jenereta imalira pakapita mphindi zingati, nanga dizilo amakhala alipo? Magolovesi otulutsira mathireyi alipo, kapena anthu akugwiritsa ntchito zidutswa za matumba a ufa? Madzi akumwa ali pati, mpweya ukutulukira pati, chimbudzi chili ndi getsi? Imani pafupi ndi uvuniwo ola limodzi m'mwezi wa Okutobala, mumve mmene mutu umalemerera. Lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pantchito limaika zinthu ngati zimenezi pamapewa a wolemba ntchito, koma ngakhale likanapanda kutero, munthu amene akuwauka sangawerenge mphindi molondola.

Maola nawo muwerenge. Lamulo lathu limati sabata ya ntchito isapitirire maola 48, owonjezera alipiridwe kamodzi ndi theka, ndipo a tsiku lopuma kapena la holide alipiridwe kawiri. Atachoka atatu aja, ntchito yawo inagwera yani? Mabekale ambiri zikatere amangotalikitsa shifiti ya otsalawo, n'kumadabwa kuti buledi sakuchuluka. John Pencavel, katswiri wa zachuma ku Stanford, anasanthula mabuku a mafakitale opanga zipolopolo ku Britain pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mmene ambiri ogwira ntchito anali amayi. Mpaka maola 49 pa sabata, ola lililonse lowonjezera linkabala katundu wofanana. Kupitirira apo phindu la ola linkatsika, mwakuti wogwira maola 70 sankasiyana kwenikweni ndi wogwira 56. Kuwalanda tsiku lopuma kunkatsitsanso ntchito ya sabata yonse.

Tibwerere ku ndime ija ya pa mango kukafika pachulu. Kodi shifiti yanu ya usiku ikamalowa imadziwa kuti usiku wabwino ndi wotani? Mawu akuti limbikirani si ndime. Pachikani bolodi pakhoma pamene aliyense angaone. Tsiku lililonse pazilembedwa matumba a ufa otuluka m'sitolo, malofu, mabanzi ndi masikono otuluka mu uvuni, opserera, ndi chifukwa chake m'mawu awiri: magetsi, uvuni wakumanzere, tinachedwa kutulutsa. Thumba la makilogalamu 50 limabala malofu angati inu mukudziwa, iwonso akudziwa, ndiye mlingowo mugwirizane nawo, musangowaponyera. Mafakitale a nsalu a ku Mumbai aja anathandizidwa ndi zinthu zazing'ono ngati zomwezi: kulemba zolakwika tsiku ndi tsiku n'kuzikambirana, kusanja ulusi m'sitolo, kuchotsa zinyalala pansi, kukonza makina asanawonongeke. M'chaka choyamba ntchito yawo inakwera ndi 17 peresenti, antchito ali omwewo.

Bolodi lomwelo ndi limene lingakuuzeni za ufa kuposa kamera. Sitolo ikhale ndi kiyi m'manja mwa munthu mmodzi pa shifiti, ndipo posinthana awerengere limodzi matumba, onse awiri asaine. Kamera imodzi yoloza pachitseko cha sitolo sindikana. Koma makamera oloza anthu pamene akukanda ufa amangowauza kuti nonse ndinu akuba, ndipo okhulupirika ndi amene zimawapweteka kwambiri. Osakhulupirikawo amapeza ngodya imene kamera siona sabata yoyamba yomwe.

Mukafuna kuika bonasi, imangirireni ku bolodilo, ndipo ikhale yapafupi. Shifiti ikakwanitsa mlingo wa sabata, ilandire Loweruka lomwelo, ngakhale ikhale yochepa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Lonjezo la bonasi ya Khirisimasi lonenedwa mu Malichi silidzutsa munthu 9 koloko ya usiku, makamaka ngati linanenedwapo chaka china osakwaniritsidwa. Ndipo musalonjeze chimene simungapereke mwezi woipa, chifukwa lonjezo limodzi lophonyedwa limadya malonjezo asanu otsatira.

Apa ndi pamene mulu wachiwiri wa Herzberg umalowera, ndipo wambiri sulira ndalama. Ndi liti pamene munaitana mnyamata wa pa uvuni ndi dzina lake n'kumuuza kuti a golosale yakuti ayamikira mabanzi a dzulo? Ife mabwana a kuno timadziwa kuitana munthu kuofesi akalakwa pokha, mwakuti wantchito akamva kuti akukufunani abwana, mimba imatentha. Nanga wolongedza wanu akayang'ana kutsogolo amaona chiyani? Ngati pamwamba pa uvuni pali mlamu, ndipo mlamu sachoka, ndiye kuti makwerero anathera pomwepo, ndipo waluso aliyense adzapita kukafuna makwerero kwina. Ikani magiredi ngakhale atatu, wolongedza, wokanda, wa pa uvuni, lililonse ndi malipiro ake ndi zimene munthu ayenera kudziwa kuti akwere. Kafunseninso ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, za maphunziro ndi mayeso a luso amene angapatse anyamata anu satifiketi. Ena amati ukawaphunzitsa amathawa. Atatu anu aja anathawa osaphunzitsidwa.

Kodi aulesi enieni kulibe? Alipo, mayi, pa anthu 23 awiri kapena atatu sangalephere, ndipo anzawo amawadziwa bwino kuposa inu. Kuwalekerera nakonso kumafooketsa akhama. Koma mudzawaona bwino mukakonza zinazi, monga mmene thengo likatchetchedwa chitsa chimaonekera. Pamenepo tsatani njira yake. Lamulo limafuna chifukwa chomveka chokhudza khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito ka munthuyo, limafuna kuti apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe, ndipo nkhani ikafika ku ofesi ya zantchito kapena ku Industrial Relations Court, khoti loweruza nkhani za pantchito, wofunika kusonyeza kuti chifukwacho chinalipo ndi inu. Kuchotsa anthu 23 tsiku limodzi chifukwa alamu anu anati ndi aulesi kungakudyereni ndalama yoposa ya uvuni watsopano. Ndipo olembedwa kumenewo adzapeza uvuni womwewo, maola omwewo, ndi munthu yemweyo atagwira makiyi.

Za alamu anuwo, manambala akakaloza kwa iwo, simukuyenera kuwachotsa ntchito kapena kuyambanitsa banja. Yambani mwakambirana ndi bambo a kunyumba, nkhaniyi isakawapeze kudzera kwa apongozi. Kenako asunthireni kumene kukhulupirika kwawo kuli ndi phindu lenileni: kugula ufa ndi shuga, kutolera ndalama m'magolosale, kuyang'anira galimoto yogawa buledi. Muwauze kuti ndi kukwezedwa, ndipo kukhaledi kotero. Kuyang'anira anthu usiku mupatse munthu amene anapsapo ndi thireyi, amene anzake amamumvera kale popanda udindo. Bekale iliyonse imakhala naye wotere. Mukafika 2 koloko ya usiku muja, onani amene anzake amathamangira kukamufunsa makina okandira akayamba kulira zachilendo.

Atatu anachoka aja sanapite kutali, mwina ali pa bekale ina ku Blantyre komweko kapena akuphika masikono awo pamsika. Kawapezeni nokha, mmodzimmodzi, popanda alamu anu, ndipo musawaitanire kuofesi. Mugulireni Fanta, mukhale naye pabenchi, mumutsimikizire kuti simunabwere ndi mlandu. Akakuuzani kuti ndinangopeza pena, vomerani, koma mufunsenso kuti usiku umene unayamba kufunafuna penapo, kunachitika chiyani? Akayamba kulankhula musamudule, musadziteteze, musatetezenso m'bale. Mukafika m'galimoto lembani zonse musanaiwale, ndipo muone ngati atatuwo atchule usiku wofanana kapena dzina lofanana. Mmodzi mwa iwo atha kuvomera kubwerera, ndipo akabwerera, ameneyo ndiye woyamba kumuganizira pa makiyi a shifiti ya usiku.